Kompyuta Yokulungidwa M'bulangeti

Tiyi wa madzulo anafika patebulo pa nthawi yake, koma palibe amene anafulumira kutambasula dzanja. Linali Lachinayi, mwezi wa Julaye, ndipo mphepo youma inali kuulutsa fumbi m'tinjira ta ku Mtendere. Mbaula inali kunyeka pakhomo. Mbatata yophika, imene kuno amaitcha kandolo, inali kuzizira m'mbale.

M'nyumbamo munali anthu atatu. Panali bana Nkandu, atamanga duku lakuda kumutu. Panali mwana wawo Nkandu, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Wachitatu anali ba Chisala, mng'ono wa malemu, amene anachokera ku Mufulira kudzaika maliro natsalira kuti athandize banja. Panali patatha milungu itatu chiikireni m'manda ba Wilbroad Chilekwa, mwini nyumbayo, amene akazi awo ankawatchula kuti bashi Nkandu.

Maso a onse ankapita pa sofa. Pamalo pamene malemu ankakonda kukhala panali mtolo wokulungidwa m'bulangeti lofiirira, lija lofewa la nayiloni limene a kwaya ya kutchalitchi anawapatsa monga mphatso. M'mtolomo munali ziwalo za kompyuta yosamanga.

Kwa zaka ziwiri ba Wilbroad ankabweretsa ziwalozi chimodzichimodzi, monga mmene munthu amasonkhanitsira mitengo ndi luzi asanayambe kumanga nkhokwe. Anayamba ndi bokosi lachitsulo. Kenaka anabwera ndi mazabodi, lija thabwa lopyapyala limene ziwalo zonse zimalumikizikapo. Panadzabwera prosesa, ndi timatabwa tiwiri tating'ono totchedwa ramu. Ankafuna kuti Nkandu, amene anaphunzira za kompyuta, azilembera anthu makalata ndi mapulogalamu a maukwati ali pakhomo pomwepo. Munalinso disiki ya m'kompyuta yawo yakale imene inafa. M'disikimo munali nyimbo zonse za kwaya imene anaitsogolera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pamodzi ndi mawu awo. Ali m'chipatala anagwira dzanja la mwana wawo nanena kuti, "Ukaimange na manja yako."

Dzulo lake Nkandu anayesa kuyamba ntchitoyo. Anayala bulangeti pa kapeti, ndipo amayi ake anagwada pambali kuti athandize kupukuta fumbi. Koma atangotambasula dzanja kuti atole karamu kamodzi, panamveka kuti tha! Kamoto kabuluu kanadumpha pakati pa chala chawo ndi kachipangizoko. Bana Nkandu anakuwa, namanganso mtolowo msangamsanga. Kuyambira pamenepo sanafune kuti wina aukhudze.

Ba Chisala anaika kapu pansi. "Mulamu, ine nakamba kale," anatero. "Mawa kuseni nikwera basi ya ku Mufulira, na mtolo uyu nizayenda nao. Nizakautaya kutali. Simungakhale na mantha mu nyumba yanu."

"Batate bang'ono, ni vinthu va ba dadi ivi," anatero Nkandu motsitsa mawu. "Muli mau yao mukati."

"Ndiye chifukwa chake, mwana wanga," anayankha amayi ake. "Chinaniluma. Moto ninauona na maso yanga. Bene bake sibafuna kuti tigwire. Nanga fuliji? Kuchokera tsiku tinabwera kumanda, nayo iniluma nikaigwira na manja yonyowa. Vonse ivi ni vangozi chabe?"

Nkandu anayang'ana mtolowo. Ku sukulu anaphunzira kulemba ndi kukonza zithunzi pa kompyuta, koma za m'kati mwake ankangodziwa zimene anaonera pa foni. Iyenso kamoto kaja anakaona, ndipo mtima wake sunakhale m'malo.

"Lekani niitane ba Lillian," anapempha. "Ndiye benze kubathandiza ba dadi kusankha vinthu ivi. Bakakamba kuti titaye, sinizakana."

Ba Chisala anayang'ana mlamu wawo. Bana Nkandu anangoweramitsa mutu.

"Kabaitane," anatero ba Chisala. "Koma basi siyembekeza munthu."

Ba Lillian Kabaso ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Ankagwira ntchito yokonza makompyuta pa sukulu ina yophunzitsa ntchito zamanja ku Kalingalinga. Anafika ndi kachikwama ka zida, navula nsapato pakhomo, nagwada kupereka moni kwa ofedwa. Sanafulumire kuyang'ana mtolo. Anamwa tiyi, namvetsera nkhani yonse kuchokera pachiyambi, ndipo sanaseke ngakhale pang'ono.

Atamva zonse anafunsa kuti, "Bana Nkandu, vinthu ivi vinabwera mu tumapepala totuwa, tonyezimira. Tuli kuti?"

"Ninachotsa," anayankha mayiwo. "Sinikanasunga katundu wa bashi Nkandu mu mapulasitiki monga kapenta wa pa maliketi. Ninapukuta chimozi-chimozi na nsalu, naika mu bulangeti yao ya ulemu."

"Munatutaya?"

"Kutaya pulasitiki yabwino? Tuli pansi pa matilesi."

"Mwachita bwino ngako. Nkandu, katenge."

Nkandu atabwera nato, ba Lillian anayamba agwira chitsulo cha pawindo, kenaka anamasula mtolo. Chiwalo chilichonse ankachinyamula cha m'mbali, monga mmene mayi amanyamulira dzira lofuna kuswa, nachibwezera m'kathumba kake. Atatha anakhala pansi nayang'ana mayi wofedwayo.

"Ulemu umene munapereka ni wabwino," anatero mofatsa. "Koma ulemu wa munthu na ulemu wa makina visiyana. Munthu timamufunditsa bulangeti. Ivi tikavifunditsa, tivipha. Lekani nikuonetseni. Nkandu, tseka makatani."

M'nyumba munachita kamdima. Ba Lillian anafunda bulangeti lija pamwamba pa juzi yawo, nakhala pa mpando wa pulasitiki. Anadzikhula nalo kumsana ndi m'mapewa kanthawi, kenaka analivula, naimirira, nayandikiza chala ku chitsulo cha pawindo. Panamveka kuti tha! Kamoto kabuluu komweko kanaoneka.

Bana Nkandu anagwira pakamwa.

"Manje niuzeni," anatero ba Lillian. "Ine ninabalakwira chani ba Wilbroad? Ndipo katundu wao sininaugwire apa. Nagwira chabe windo."

"Leta kuno nione," anatero ba Chisala. Anafunda bulangeti, nadzikhula mwamphamvu ngati akusamba, nalunjika ku chitsulo. Kamoto katawaluma analumpha n'kugunda mpando. "Yaba! Kaluma zoona aka!"

Nkandu anaseka, kuseka kwake koyamba chiyambire maliro, koma anadziletsa msanga.

Ba Lillian anatenga chipeso cha pulasitiki, nachikhula pa bulangeti, nachiyandikiza ku tizidutswa ta pepala. Tizidutswato tinadumpha n'kumamatira ku chipeso. Pamenepo anafotokoza kuti nsalu za nayiloni, majuzi, kapeti ndi mipando ya pulasitiki zikamakhulana ndi thupi zimasiya magetsi pa munthu. Magetsi amenewa amawatcha sitatiki. Sachokera ku waya wa malaiti. Amangodzikundikira pathupi mwakachetechete, monga madzi odikha m'chithaphwi, kuyembekezera njira yotulukira. Nthawi ya dzinja mpweya umakhala wonyowa, ndipo amatuluka okha pang'onopang'ono. Koma m'miyezi yozizira ndi youma, Juni, Julaye mpaka Ogasiti, amakhalitsa, ndipo munthu akagwira chitsulo amatuluka onse nthawi imodzi.

"Kwa ife ni kuluma chabe," anapitiriza motero. "Koma mukati mwa ramu muli tunjira tung'ono kupambana ulusi wa kangaude. Kamoto ako kakapitamo, kali monga moto mu udzu wouma. Ndipo choipa n'chakuti nthawi zambiri simumva na kuluma komwe. Mugwira chabe, chinthu chafa, imwe osaziba."

"Ndiye kuti tavipha kale?" anafunsa Nkandu.

Ba Lillian anayankha kuti, "Siniziba, mwana wanga. Sinifuna kukunamiza. Tizaziba tikamanga. Chamene tingachite manje ni kusunga vamene vikali na moyo."

Anatsegula kachikwama kawo natulutsa kalamba kabuluu kokhala ndi kachitsulo m'kati mwake. Kalambako kanali ndi chingwe chopotana, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali kopanira kokhala ndi mano. Anauza Nkandu kuti atambasule mkono.

Bana Nkandu anaimirira. "Awe, ba Lillian. Apo mwafika patali. Mu nyumba muno sitimanga vinthu pa mkono. Bashi Nkandu banakana ivo ngakhale pamene mwana uyu enze kudwala ali kakhanda. Lelo bangoyenda, timange vozitetezera?"

"Si chithumwa, mayo. Onani, ni nsalu na kawaya chabe. Kagwira khungu uku, uku tipanira ku chitsulo cha bokosi. Magetsi ya pathupi yayenda pang'ono-pang'ono, siyaunjikana."

"Na bamene bamanga vithumwa bakamba chimozimozi, ati ni kansalu chabe."

Nkandu anabweza mkono wake, pakuti sakanatha kuchita chinthu chimene amayi ake akana. Ba Lillian sanaumirize. Anaika kalambako patebulo.

Ba Chisala anakatola, nakatembenuza uku ndi uku. Anakhala nthawi akuyang'ana kachitsulo ka m'kati. Pamene anayamba kulankhula, mawu awo anali atasintha.

"Mulamu, khalani pansi nikuuzeni," anatero. "Ine ninasebenza ku migodi zaka makumi yabili na visanu. Zaka zina nenze ku nyumba yosungira vophulitsira miyala. Kuja sibenze kulola munthu kulowa na juzi ya nayiloni. Ovolosi yenze ya thonje, nsapato zenze zao-zao. Ndipo pakhomo penze chitsulo cha kopa, chokhomera pansi. Aliyense, kaya ni bwana kaya ni ndani, enze kuyamba waika dzanja pa chitsulo chija asanalowe. Tsiku lililonse. Ise tenze kuseka ati tipereka moni ku chitsulo." Anapukusa mutu. "Banatiuza kuti kamoto ka pathupi kangayatse vonse. Ninachita ivo zaka na zaka, koma lelo nakaona mu nyumba ya mukulu wanga, nakaiwala. Chisoni chinanitseka maso."

Anapereka kalambako kwa mlamu wawo ndi manja awiri. "Aka ni chitsulo chija cha pakhomo, mulamu. Bachichepetsa chabe."

Bana Nkandu anakalandira. Anakayang'ana, nakanunkhiza, nakoka chingwe chake. Kenaka anagwira mkono wa mwana wawo namumanga okha.

"Kagwire khungu bwino," anatero ba Lillian. "Osati pamwamba pa malaya."

Ntchito inayamba dzuwa likadalipo. Anapinda kapeti naiika kuchipinda. Anachotsa nsalu ya pulasitiki patebulo mpaka linatsala thabwa lokhalokha. Mpando wa pulasitiki anautulutsa panja nabweretsa wamatabwa. Nkandu anavula juzi, navala sikipa ya thonje, naima pa simenti. Kunkazizira, koma sanadandaule.

"Choyamba, pulagi ikhale kunja kwa soketi," anatero ba Lillian. "Olo malaiti yayenda monga lelo, usakhulupirire. Yangabwere nthawi iliyonse. Chachibili, panira pa chitsulo chosapenta cha bokosi. Pa penti sipagwira nchito. Ndipo usakayese kulowetsa kawaya aka mu soketi, wamvera?"

"Namvera. Nanga munthu alibe kalamba?"

"Agwire chitsulo cha bokosi asanatole chinthu chilichonse, ndipo azibwereza kawiri-kawiri. Akayenda kukamwa madzi, pobwera agwirenso. Monga mwamene bakambira ba Chisala, moni ku chitsulo."

Ba Lillian sanagwire sikuludiraiva. Anapinda manja naima pambali, pakuti anali atamva mawu amene malemu anasiya. Nkandu ankatulutsa chiwalo m'kathumba pokhapokha nthawi yake yoika itakwana. Ankagwira m'mbali, osakhudza timano tagolide kapena tinjira ta pa thabwa. Prosesa anaiika pang'onopang'ono, osakanikiza. Timaramu tiwiri tinalowa n'kulira kuti kha, kha. Atafika pa kabokosi kolandira magetsi kuchokera kukhoma, ba Lillian anamuchenjeza kuti akamangirire momwe kalili, koma asadzayese kukatsegula m'kati, chifukwa kamasunga mphamvu yoopsa ngakhale katazulidwa. Ba Chisala ankaunikira ndi foni m'makona a bokosi. Bana Nkandu anakhala pa mpasa akuyang'ana manja a mwana wawo, ndipo nthawi ina anati, "Agwira sikuludiraiva monga batate bake."

Dzuwa likupendeka, Nkandu anamanga sikuluwu yomaliza. Malaiti anali asanabwere, ndipo anthu a m'dera limenelo ankawayembekezera m'mawa mwake cha m'ma teni koloko.

"Poyembekeza, nionetseni pamene muzaimika," anatero ba Lillian.

Anawaonetsa soketi ya pakona. Ba Lillian anagwada, ndipo nkhope yawo inagwa. Adaputa imene inali pamenepo inali ndi mano awiri okha. Dzino lachitatu, lalitali lija la pamwamba, linali lothyoka, ndipo m'bowo lake munali kamtengo ka machesi kotsegulira njira.

"Bana Nkandu, munakamba kuti fuliji iluma. Tiyeni kuseli kwa nyumba."

Kuseri, pafupi ndi pamene amatsukira mbale, waya wobiriwira ndi wachikasu ankatsika kuchokera kukhoma. Sanafike pansi. Anali atakokedwa n'kumangidwa ku msomali, ndipo pa wayayo panali patayanikidwa kansalu kopukutira mbale. Pansi pake panali kadzenje.

"Ninaupeza ulendewera pambuyo pa maliro," anatero bana Nkandu. "Ninati ungagwetse munthu, ndiye naumanga apo."

"Apa penze chitsulo chitali cha kopa, chokhomera mu nthaka," anatero ba Lillian akuloza kadzenjeko. "Bakawalala ba vitsulo banazula pamene imwe munali mu chisoni. Waya uyu ni wa ethi. Magetsi yakathawa mu fuliji olo mu kompyuta, ndiye njira yao yopita pansi. Njira ikaduka, yafuna ina, ndipo ina ija ndimwe. Mumvetse bwino, ivi ni vinthu vibili. Sitatiki ipha makina. Koma kusowa kwa ethi kupha munthu."

Bana Nkandu anayang'ana manja awo, amene m'mawa uliwonse ankagwira fuliji ali onyowa.

Ba Lillian anawauza kuti azule fuliji nthawi yomweyo, ndipo ananenetsa kuti kompyuta siyatsidwa m'nyumba imeneyo ethi asanakonzedwe. Anati ntchito imeneyo si yawo, si ya Nkandu, ndiponso si ya mnansi aliyense wodziwa kupota mawaya. Inafunika munthu wophunzira zamagetsi, wokhala ndi mapepala ake ndi chida choyezera. Anaimbira foni ba Edwell, amene ankagwira ntchito yotere m'deralo, ndipo iwo analonjeza kufika m'mamawa.

Nkandu anayang'ana atate ake aang'ono. Basi yawo inali ya m'mawa.

Ba Chisala anakanda chibwano. "Ya kuseni iyende," anatero. "Nizakwera ya masana. Koma tipangane. Ikakana kuyaka, niyenda nayo. Sinizasiya chinthu chakufa pa sofa ya mukulu wanga kuti muzichiyang'ana na misozi."

M'mawa mwake ba Edwell anafika ndi chitsulo chatsopano cha kopa, chachitali kufika m'chifuwa mwa munthu. Anayamba azimitsa magetsi a nyumba yonse pa bokosi lake. Nthaka ya Julaye inali youma gwa, ndipo ba Chisala anavula jekete nalanda hamala, nati ntchito yokhoma ndi ya anthu a ku migodi. Chitsulo chitalowa, ba Edwell anamangirira waya, nayeza ndi chida chawo, naphimba pamwamba pake ndi kabokosi ka simenti kuti akuba asachione. Anazungulira masoketi onse a m'nyumba. Adaputa yothyoka ija anaiphwanya ndi hamala kuti wina asadzaitolenso kudzala.

Teni koloko itangodutsa, wailesi ya kwa aneba inayamba kulira. Malaiti anali atabwera. Ba Edwell anayezanso masoketi, nagwedeza mutu kuti zonse zili bwino.

Onse anasonkhana patebulo. Nkandu analowetsa pulagi ya mano atatu, napuma mozama, nadina batani. Kafani kanayamba kuzungulira. Kenaka bokosi linalira kuti pii, pii, pii, ndipo sikirini ya kompyuta yakale ija inakhala yakuda bii.

Anadikira. Palibe chinasintha. Bana Nkandu anaphimba nkhope ndi chitenje. Ba Chisala anayang'ana chikwama chawo chimene chinali kale pakhomo. Nkandu anatambasula dzanja msanga kuti agwedeze ziwalo m'kati.

"Ima!" anatero ba Lillian. "Apa ndiye pamene banthu baonongera vinthu, pa changu. Zima. Zula pulagi. Yembekeza pang'ono. Manje vala kalamba."

Nkandu anachita zonsezo.

"Kulira uko kukamba kuti vuto ili ku ramu. Tizachotsa kamozi, tiyese na kanzake. Tiyambire kati?"

"Ka kumanzere," anatero bana Nkandu, nkhope ikadali m'chitenje. "Kali na kapepala kong'ambika pakona. Ndiye kananiluma. Ningakaiwale?"

Nkandu anakachotsa, akugwira m'mbali. Anavula kalamba, nabwezera pulagi, nadinanso batani. Kafani kanazungulira. Bokosi linalira kamodzi kokha, ndipo malemba oyera anaoneka pa sikirini.

Ba Lillian analowetsa fulashi yawo yoyambitsira makina, ndipo patapita kanthawi anauza Nkandu kuti atsegule disiki yakale ija. Munali mndandanda wautali wa nyimbo, iliyonse ndi tsiku lake. Nkandu anasankha ya pamwamba.

Poyamba panamveka phokoso la mabenchi ndi anthu akutsokomola. Kenaka panamveka mawu amene nyumba imeneyo inawasowa milungu itatu.

"Ba alto, mwachedwa futi. Kodi mwasiya mau ku nyumba? Tiyeni tiyambirenso."

Kwaya inaseka, ndipo nyimbo inayamba. Bana Nkandu anatsitsa chitenje. Misozi inkatsika, koma sanaipukute. Ba Chisala anavula chipewa. Ba Edwell, amene anali kulongedza zida zawo pakhomo, anaima mpaka nyimbo inatha.

Itatha, bana Nkandu anatola karamu kakufa kaja nakaika pachikhatho. "Aka nine ninakapha," anatero. "Na ulemu wanga."

"Simunazibe, mayo," anayankha ba Lillian. "Manje mwaziba. Kamozi katsala kazagwira nchito, kanzake muzapeza mukakonzeka. Chikulu n'chakuti mau yao yalipo, na imwe mulipo."

Zimene banja la Chilekwa linaphunzira n'zofunika kwa aliyense amene akufuna kumanga kapena kutsegula kompyuta. Ziwalo zake zisungidwe m'timatumba take totuwa mpaka nthawi yoziika, osati m'bulangeti, pa kapeti kapena pa sofa. Ntchito ichitikire pa tebulo lamatabwa, pulagi itazulidwa, munthu atavala zathonje. Avale kalamba kopanira ku chitsulo chosapenta cha bokosi, ndipo ngati alibe, azigwira chitsulocho asanatole chiwalo chilichonse. Ziwalo azigwira m'mbali. Koposa zonse, chipangizo chikayamba kuluma m'nyumba, tisathamangire kuganizira akufa kapena amoyo. Tichizule, tiitane wodziwa zamagetsi adzayeze ethi. Dzino lachitatu la pulagi silokongoletsera ayi, ndi limene limateteza moyo.

Masana ba Chisala ananyamuka ndi chikwama chawo chokha. Nkandu anawaperekeza kukakwera minibasi yopita ku siteshoni, ndipo pobwerera anapeza amayi ake atachapa bulangeti lija, akuliyanika pa chingwe. Anati likauma libwerera pa bedi, kumene kuli ntchito yake. Kansalu kopukutira mbale anali atakapezera msomali wina, kutali ndi waya wobiriwira.

Atatha kuyanika, bana Nkandu analowa m'nyumba, napukuta manja pa chitenje. Anaima pang'ono patsogolo pa fuliji, kenaka anagwira chitseko chake, natsegula, natulutsa mkaka wa tiyi.